Ulimi wa muyeso m'minda ya chinangwa ku Nkhata Bay

Munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Kande, kudzera pa Chintheche mpaka kukafika pa Mpamba, amaona chinangwa mbali zonse ziwiri za msewu: kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa madambo, ngakhale pa mchenga woyandikana ndi nyanja. Kwa Atonga a m'boma la Nkhata Bay, nsima ndi ya kondowole, ndipo masamba a chinangwa chomwecho, otchedwa chigwada, ndiwo ndiwo za tsiku ndi tsiku pamodzi ndi usipa. Kupirira kwa mbewuyi kwachititsa kuti anthu ambiri, makamaka a m'tauni amene amangoidziwa ngati chakudya chomwera tiyi, aziiona ngati mbewu yodzilera yokha: kungozika kamtengo pansi, basi, chaka chamawa nkudzakumba. Ganizo limeneli ndilo limadya zokolola zambiri m'derali.

Ulimi wa muyeso ndi ulimi wopatsa mbewu chimene ikufuna, pa mlingo woyenera, pa malo oyenera ndiponso pa nthawi yake. Udatchuka ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990, pomwe mathalakitala adayamba kulondoleredwa ndi GPS nkumathira feteleza wochuluka kapena wochepa malingana ndi chonde cha gawo lililonse la munda. Minda ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi yaing'ono, yolimidwa ndi khasu, ndipo ina ili pa zitunda zoti thalakitala silingakwerepo. Komabe mfundo yake imagwira ntchito chimodzimodzi. Zipangizo zake kuno ndi chingwe, mpeni wakuthwa, kapu yoyezera, kope lolembamo masiku, ndipo masiku ano foni ya m'manja. Ulimi wotere ukaphatikizana ndi kusamalira nthaka, munda umodzi umatha kudyetsa banja zaka zambiri popanda kusamukira m'nkhalango.

Mvula yambiri, nthaka yosauka

Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yochuluka kwambiri m'dziko muno. Mvula imagwabe mwamphamvu mu Malichi ndi Epulo, pomwe ku chigawo chakummwera alimi amakhala akukolola. Izi zimathandiza chinangwa, mpunga, nthochi, tiyi wa ku Kawalazi komanso mitengo ya labala ya ku Vizara. Koma mvula yomweyo imatsuka nthaka. Pa mchenga wa ku Chintheche ndi Kande, michere imalowa pansi pamodzi ndi madzi, mizu isanaigwiritse ntchito. Kumtunda, komwe kuli dothi lofiira, nthaka yambiri ili ndi asidi, ndipo asidiyo amamanga fosiforasi kotero kuti feteleza wothiridwa sagwira ntchito mokwanira. Ku Usisya vuto lalikulu ndi kutsetsereka: mapiri amatsikira m'nyanja momwemo, malo athyathyathya ndi ochepa, ndipo dothi lokokoloka m'munda limakathera m'malo oswaniramo nsomba.

Nchifukwa chake langizo limodzi silingakwanire boma lonse. Mlimi wa pa mchenga, wa pa dothi lofiira ndi wa pa chitunda akulima mbewu imodzi, koma aliyense ali ndi vuto lake.

Zomwe kodikodi ndi chisaka zidaphunzitsa

Pakati pa zaka za m'ma 1980, chinangwa cha ku Nkhata Bay chidagwidwa ndi kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa timene timaunjikana pa nsonga ya mtengo nkumayamwa madzi ake mpaka masamba kufota ndi kukwinyika. Tizilomboti tidachokera ku South America ndipo tidaoneka koyamba mu Africa cha ku Congo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Titafika m'mbali mwa nyanja ya Malawi, midzi imene idali isadazolowere kugula chakudya idagwa m'njala, mpaka idayamba kudalira chimanga cha chithandizo. Chomwe chidathetsa mliriwo ndi kamavu kakang'ono kotchedwa Anagyrus lopezi, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Akatswiri a bungwe la IITA, motsogozedwa ndi Hans Herren, adakatenga ku South America, nakaswetsa ku Nigeria, kenaka nkukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Herren adalandira mphoto ya World Food Prize m'chaka cha 1995 kaamba ka ntchitoyi. Kamavuko kakadali m'minda mpaka lero, ndipo mlimi wopopera mankhwala mwachisawawa pa chinangwa amapha mlonda amene sadamulipire.

Nthochi sizidachite mwayi wotere. Matenda a chisaka, amene adaoneka koyamba m'boma la Nkhotakota pakati pa zaka za m'ma 1990, adafalikira ku Nkhata Bay nkuwononga minda imene kale inkadyetsa misika ya ku Mzuzu ndi madera ena. Chisaka chimafala kudzera mu nsabwe za nthochi, koma chimayenda mtunda wautali kudzera mu ana a nthochi amene anthu amapatsana mwaulere. Chinangwa nacho chimafalitsidwa mofananamo, popatsana mitengo, ndipo apa ndi pomwe ulimi wa muyeso umayambira.

Mbewu: kuyang'ana musanadule

Matenda awiri akuluakulu a chinangwa m'derali amayamba ndi mavairasi, ndipo onse alibe mankhwala. Oyamba ndi khate la chinangwa, lomwe limachititsa masamba kukhala ndi mawanga achikasu, kupindika ndi kuchepa. Limaoneka msanga, ndipo mlimi aliyense amalidziwa. Achiwiri ndi obisika: amaoletsa chinangwa m'kati momwe chili m'nthaka. Akatswiri amawatchula kuti cassava brown streak. Adafotokozedwa koyamba ku Amani, m'dziko lomwe tsopano ndi Tanzania, m'chaka cha 1936, ndipo akhala akudziwika m'madera otsika a m'mbali mwa nyanja ya Malawi kwa zaka zambiri. Mtengo wogwidwa umatha kuoneka wathanzi. Zizindikiro zake ndi chikasu chotsatira mitsempha ya masamba akale a m'munsi, ndi timizere tofiirira pa thunthu lanthete. Mlimi amadzadziwa tsiku lokumba, akadula chinangwa nkupeza m'kati muli zigamba zouma zofiirira, zosadyeka.

Matenda onsewa amafalitsidwa ndi tintchentche toyera timene timakhala kunsi kwa masamba, koma njira yawo yaikulu ndi mbewu. Kamtengo kodulidwa pa chinangwa chodwala kamamera kali kodwala kale. Munda wonse ungathe kuyamba ndi matenda tsiku lobzala lomwelo.

Kusankha mbewu, tsono, ndi ntchito yoyenera kutenga nthawi. Mlimi ayendere munda wake chinangwa chikadali chaching'ono, miyezi itatu yoyambirira, ndipo azule mtengo uliwonse wooneka ndi khate nkuutaya kunja kwa munda. Zimapweteka mtima kuzula chomwe wabzala, koma mtengo umodzi wodwala umapatsira anzake oyandikana nawo. Pa nthawi yokumba, asatenge mitengo ya mbewu asanadule chinangwa cha pa phata limenelo nkuona m'kati mwake. Chikapezeka ndi zigamba, mitengo yake ikhale nkhuni. Mbewu yabwino imachokera pa mtengo wokhwima, wa miyezi yosachepera isanu ndi itatu, ndipo imadulidwa pakati pa thunthu: nsonga yanthete imauma msanga pomwe tsinde lokalamba limachedwa kuphuka. Kamtengo kalikonse katalike masentimita 25 mpaka 30, kakhale ndi maso osachepera asanu, ndipo kadulidwe ndi mpeni wakuthwa kuti khungwa lisasendeke. Ngati mitengo iyenera kudikira, isungidwe yathunthu, choimirira pa mthunzi, nkudzaidula tsiku lobzala.

Vuto lenileni ndi kuchuluka kwa mbewu yofunika. Njere imodzi ya chimanga imabereka mazana a njere, pomwe phata limodzi la chinangwa limapereka timitengo pafupifupi 10 pa chaka. Hekitala imodzi imafuna mapata oposa 1,200 otengapo mbewu. Mitengo ndi yolemera, imatenga malo aakulu m'galimoto, ndipo imauma m'njira. Kwa mlimi wa ku Usisya, komwe kumafikika pa boti kapena pa msewu wotsetsereka wochokera ku Mzuzu, kuyitanitsa mbewu chaka chilichonse nkosatheka. Chanzeru ndi kukhala ndi kamunda ka mbewu kapadera, ka banja kapena ka kalabu, kotalikirana ndi minda ina, komwe mtengo uliwonse wokayikitsa umazulidwa mosanyengerera.

Boma la Nkhata Bay lili ndi mwayi woti malo a kafukufuku wa zaulimi a Mkondezi, amene ali pansi pa unduna wa zamalimidwe, ali m'bomamo, ndipo akhala akuyesa ndi kuchulukitsa mbewu za chinangwa ndi mbatata. Mitundu monga Mkondezi, Silira ndi Maunjili idatulutsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenaka padabwera Sauti ndi Yizaso, ndipo pambuyo pake Sagonja, Chiombola ndi ina. Mitundu yotereyi, ikasamalidwa bwino, imatha kupitirira matani 20 a chinangwa chachiwisi pa hekitala. Koma mtundu wopirira ku khate suli wopirira ku matenda oola m'kati nthawi zonse, ndipo mlimi azifunsa mlangizi za matenda onse awiri.

Chifukwa chimene amayi amakondera chowawa

Alendo amadabwa kuti anthu a kunyanja amalima kwambiri chinangwa chowawa monga Gomani, chomwe chili ndi poizoni, m'malo mwa chozizira monga Mbundumali, chomwe ena amati Manyokola. M'zaka za m'ma 1990, Linley Chiwona-Karltun ndi anzake, kuphatikizapo Jonathan Mkumbira ndi dokotala wa ku Sweden Hans Rosling, adafufuza nkhaniyi pakati pa alimi aakazi a ku Nkhata Bay. Adapeza kuti amayiwo amasankha chowawa mwadala. Wakuba sangachidye pompo, anyani ndi nguluwe sizichikonda, ndipo kukonza kwake kumatenga masiku, kotero mayi ndiye amalamula tsiku lokumba ndi kuchuluka kwa chokumbidwa. Adapezanso kuti amayiwo akalawa kachidutswa, amatha kulosera molondola kuchuluka kwa poizoni, mofanana kwambiri ndi zotsatira za ku labotale.

Kunena zoona, muyeso si wachilendo m'midzi imeneyi. Mbewu yatsopano imene siganizira zifukwa za amayiwa, ngakhale ibereke motani pa malo a kafukufuku, imathera pa ngodya ya munda.

Chingwe ndi kalendala

Langizo la nthawi yaitali ndi lakuti mizere italikirane masentimita 90 ndipo mapando akhalenso masentimita 90, zomwe zimapereka mapata pafupifupi 12,300 pa hekitala, kapena 5,000 pa ekala. Kamtengo kazikidwe chopendeka, magawo awiri mwa atatu ali m'nthaka, maso atayang'ana kumwamba. Alimi ambiri a kunyanja amaunda mitumbira m'malo mwa mizere, ndipo pa malo a chinyontho mitumbira imathandiza kuti chinangwa chisaole. Cholakwika chimabwera pamene mitumbira yamwazikana popanda muyeso, ina ili ndi timitengo tambiri tolimbirana chakudya pomwe pakati pasiyidwa mabwalo a udzu. Pa timitengo tisanu tilitonse kakafa kamodzi osabwezeretsedwa, hekitala imataya mapata pafupifupi 2,500. Kupakiza kuchitike m'mwezi woyamba, chifukwa kamtengo kobzalidwa mochedwa kamaphimbidwa ndi anzake.

Popeza mvula imakhalitsa, anthu amabzala pang'onopang'ono nyengo yonse, pomwe akumba nkubzalanso. Koma chinangwa chobzalidwa ndi mvula yoyamba chimakhala ndi miyezi yambiri ya chinyontho, ndipo chimalowa m'chilimwe chili ndi mphamvu zolimbana ndi kodikodi. Miyezi itatu yoyambirira chimakula pang'onopang'ono ndipo udzu umachigonjetsa mosavuta. Kupalira kochedwa sikubweza zomwe zatayika. Chigwada nacho chili ndi malire ake. Kuthyola nsonga kawirikawiri pa chinangwa chaching'ono kumachepetsa cha pansi, motero ndi bwino kupatula mizere ingapo pafupi ndi nyumba kuti ikhale ya ndiwo.

Kubwezera chonde

Chinangwa chimabereka pa nthaka imene chimanga chakana, ndipo izi zimabisa kuguga kwa munda. Chaka chilichonse chimachotsa michere, makamaka potaziyamu, yemwe amapita ndi chinangwa chokumbidwa. Kale munda ukatopa unkagonekedwa zaka zingapo. Lero anthu achuluka ndipo malo ogoneka ndi ochepa, kotero chinangwa chimatsatira chinangwa chinzake pa malo amodzimodzi.

Njira yotsika mtengo ndi mbewu za gulu la nyemba. Mtedza, nzama ndi khobwe zimakhwima pakati pa mizere chinangwa chisanatseke munda, zimaphimba nthaka pa nthawi ya mvula yamphamvu ndipo zimasiya nayitirojeni. Nandolo, gliricidia ndi ombwe zimathandiza munda wogonekedwa kuchira msanga. Pa ombwe pakufunika chenjezo m'dera la asodzi: masamba ake amapha nsomba, ndipo sayenera kufika m'mitsinje. Makoko a chinangwa, amene amangounjikana pa malo osendera, pamodzi ndi phulusa la kukhitchini, ndi chakudya cha nthaka chimene banja lili nacho kale. Phulusa lili ndi potaziyamu ndipo limachepetsa asidi. Kutentha zinyalala pososa kumataya zambiri mwa izi.

Amene amalimanso chimanga akudziwa kuti feteleza wokulitsa adasintha kuchoka pa 23:21:0+4S kufika pa 23:10:5+6S+1.0Zn, atayeza nthaka m'madera osiyanasiyana nkuona kuti ikuperewera potaziyamu ndi zinki. Kusinthako ndi chitsanzo cha ulimi wa muyeso pa dziko lonse. Pa munda wa munthu, muyeso ndi kapu yoyezera ndi kabowo kokwiriridwa pambali pa phando. Pa mchenga, feteleza wothiridwa yense nthawi imodzi amatsukidwa ndi mvula ikuluikulu imodzi, choncho kumugawa kawiri kumapulumutsa ndalama. Pa dothi lofiira, mlimi wothira feteleza chaka ndi chaka osaona kusintha ayenera kuyezetsa nthaka asanagule thumba lina, popeza chosoweka chingakhale layimu.

Pa zitunda, ntchito yoyamba ndi kuimitsa madzi. Akalozera opimidwa bwino modutsa chitunda, obzalidwa udzu wa vetiva, ndi mizere yotsatira akalozerawo yokhala ndi ngonyeka, zimachititsa kuti madzi alowe pansi m'malo mothamangira kunyanja. Bungwe la Tiyeni, lomwe lili ku Mzuzu, limalimbikitsa kuswa nthaka yogogomezeka mpaka masentimita 30 nkupanga mabedi otambalala mita imodzi amene sapondedwanso. Mabungwe a Ripple Africa ku Mwaya, kufupi ndi Kande, ndi Temwa ku Usisya akhala akugwira ntchito ndi midzi pa zobzala mitengo ndi kusamalira nkhalango, zomwe zimateteza minda ya m'munsi mwa mapiri.

M'madambo, monga ku sikimu ya Limphasa, muyeso umaonekera pa mpunga. Njira ya SRI, imene idayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980, imati mlimi aokere mbande imodzi yanthete, yosapitirira masabata awiri, pa masentimita 25 mbali zonse, ndipo munda ukhale wonyowa osati womira nthawi zonse. Imapulumutsa mbewu kwambiri, koma imafuna munda wosalazidwa bwino, madzi olamulirika ndi kupalira pafupipafupi.

Foni m'munda

Pulogalamu ya pa foni yotchedwa PlantVillage Nuru, imene idakonzedwa ndi akatswiri a yunivesite ya Penn State mogwirizana ndi IITA, imazindikira khate, matenda oola m'kati ndi tizilombo tina mlimi akaloza kamera pa tsamba, ndipo imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Phindu lake lalikulu lili pa matenda obisika aja, amene diso losazolowera limawaphonya. Foni imodzi m'manja mwa mlimi wachitsanzo ingathandize kalabu yonse posankha munda wotengako mbewu. GPS ya pa foni imathandizanso kudziwa kukula kwenikweni kwa munda. Ambiri amati ali ndi ekala pomwe ali ndi theka, ndipo muyeso wa mbewu ndi feteleza umasokonekera pomwepo. Dziko lino lili ndi sukulu yophunzitsa za madroni, African Drone and Data Academy, yomwe idatsegulidwa ku Lilongwe m'chaka cha 2020, ndipo zithunzi za m'mwamba zingathandize maesiteti ndi masikimu. Kwa mlimi wa theka la hekitala, kuyenda m'munda sabata iliyonse kumamuuza zambiri kuposa chithunzi.

Kuchokera m'munda kufika mu ufa

Nthaka yakhala nkhokwe ya anthu a kunyanja. Chinangwa chimakhwima pakati pa chaka ndi chaka ndi theka, koma chimasiyidwa m'munda nkumakumbidwa pang'onopang'ono malingana ndi chosowa cha pakhomo. Matenda oola m'kati asokoneza mwambowu, popeza kuola kumakula chinangwa chikakhalitsa pansi. Munda umene waonetsa zigamba ukumbidwe ukangokhwima, nkusunga chinangwacho chouma. Apa kope la masiku limathandiza: mlimi wodziwa mwezi umene adabzala gawo lililonse amadziwa loyambira kukumba.

Chinangwa chikatuluka m'nthaka chimayamba kuda m'kati pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho chikumbidwe chokhacho chimene banja lingasende tsiku lomwelo. Chowawa chimaviikidwa m'madzi masiku atatu kapena kuposerapo, mpaka chifewe ndithu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chimachedwerapo. Kufupikitsa masiku amenewa, monga zimachitikira pa njala kapena pothamangira msika, kumasiya poizoni mu ufa. M'chigawo cha Nampula ku Mozambique, m'chaka cha chilala cha 1981, anthu oposa 1,000 adalumala miyendo ndi matenda a konzo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Madzi oviikiramo akhale oyera ndipo asagwiritsidwe ntchito mobwerezabwereza mpaka kununkha, chifukwa fungo ndi mtundu wa ufa zimayambira pamenepo. Kuyanika kuchitike pa thandala lokwezeka, chinangwa chitaphwanyidwa tizidutswa tating'ono kuti chiume nkhungu isanagwire. Ufa woyanikidwa pa mchenga kapena m'mphepete mwa msewu umadziwika ndi mano, ndipo wogula wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe akaulawa kamodzi sabweranso.

Palinso msika wa ufa wosaviika, wogwiritsidwa ntchito pophika mandasi, masikono ndi mabisiketi mophatikiza ndi wa tirigu. Ufa umenewu udalimbikitsidwa m'Malawi ndi ntchito ya C:AVA, imene idayamba m'chaka cha 2008 motsogozedwa ndi bungwe la Natural Resources Institute la ku Greenwich. Chinangwa chimasendedwa, kutsukidwa, kupalidwa ndi makina, kufinyidwa ndi kuyanikidwa pasanathe maola 24 chikumbidwireni. Chikachedwa chimasasa ndipo ufa wake sukhalanso wa mtunduwo. M'boma la mvula yokhalitsa ngati Nkhata Bay, miyezi yodalirika yoyanika pa dzuwa ndi ya pakati pa Ogasiti ndi Novembala, ndipo gulu lofuna msika umenewu liyenera kukonza kabzalidwe kake kuti chinangwa chidzakhwime m'miyezi imeneyo.